M'MENE ANADZUTSIRA MAKOMPYUTA AKALE

Mu mzinda wa Mountain View, ku California m'dziko la America, muli nyumba yaikuru yosungiramo makina akale owerengera, dzina lace Computer History Museum. M'caka ca 2004 kagulu ka amisiri, ena a iwo a imvi, kanasonkhana m'nyumbamo mozungulira kompyuta yochedwa PDP-1, yaikuru ngati makabati a zobvala angapo oimikidwa pamodzi. Kompyutayo inali itagona zaka zambiri osayaka. Waya wace unalipo, swichi yace inalipo, ndipo magetsi anali pakhoma pomwepo, kotero kuti ngakhale mwana akadatha kuiyatsa ndi cala cimodzi. Koma panapita milungu yambiri amisiri aja osaikhudza swichiyo.

Iwo anadziwa cinthu cimene anthu ambiri anaciphunzira mocedwa, ataononga kale makina osagulikanso: kuti imfa ya kompyuta yakale kawiri-kawiri iyambira kumimba. Gawo limene lilandira magetsi a pakhoma ndi kuwagawira ziwalo zonse, limene akatswiri alicha power supply, ndilo liyamba kukalamba. Ndipo likakalamba likhoza kupha zonse zimene lidyetsa. Anthu a kumudzi adziwa kuti munthu amene wakhala masiku ambiri ndi njala sapatsidwa nsima yolimba tsiku loyamba, koma ayamba ndi phala la madzi-madzi. Mbiri ya kudzutsa makompyuta akale iri pafupi kwambiri ndi nzeru imeneyo.

MAGETSI A PAKHOMA NDI MAGETSI A M'KATI

Magetsi amene afika m'nyumba za ku Kitwe, ku Ndola kapena ku Lusaka ali ndi mphamvu ya mavolti 230, ndipo sayenda njira imodzi monga madzi a mumtsinje. Apita nabwerera, apita nabwerera, ka 50 pa sekondi imodzi. Ku America mavolti a m'nyumba ndi 120, ndipo kubwerera kwace ndi ka 60. Tsono tizipangizo ta m'kati mwa kompyuta sitingadye magetsi otere. Tifuna magetsi ofatsa, oyenda mbali imodzi yokha, a mavolti owerengeka monga 5 kapena 12, osakwera ndi osatsika.

Gawo lodyetsa la makompyuta ambiri akale linali ndi anchito anai. Woyamba ndi thiransifoma, ndiwo mtolo wa zitsulo zopyapyala wokulungidwa ndi waya wa mkuwa, wonga umene amuna a ku Nkana ndi ku Mufulira aukumba. Nchito yace ndi kutsitsa mavolti. Waciwiri ndi rectifier, imene iri ngati valavu ya pa mpope yolola madzi kupita koma yowaletsa kubwerera. Magetsi akapyola pamenepo ayenda mbali imodzi, komabe afika modukiza-dukiza, ndipo apa ndipo pafunika wanchito wacitatu, ndiye kapasita. Munthu amene anagwirapo nchito pafupi ndi kompresa adziwa kuti makinawo atulutsa mpweya mopuma-puma, ndi kuti pambali pace pakhala thanki imene ilandira mpweyawo ndi kuupereka ku mipope mosalekeza. Kapasita ndiyo thanki ya magetsi: idzaza pamene magetsi abwera, nipereka pamene adukiza. Wacinai ndi regulator, kapitao woyang'anira kuti mavolti akhale pa muyeso wace, kaya kompyuta idya zambiri kaya zocepa.

Mwa anai amenewa, thiransifoma ndiyo yolimba. Mkuwa ndi citsulo sizitopa msanga, ndipo malinga pasafike madzi kapena kutentha kopitirira, ikhoza kugwira nchito zaka 60 ndi kuposerapo. Wofooka wa onse ndi kapasita, ndipo kuti cifukwa cace cimveke ndi bwino kubwerera kumbuyo zaka mazana awiri ndi theka.

BOTOLO LA KU LEIDEN NDI ZIDZUKULU ZACE

M'caka ca 1745 Ewald von Kleist, ndi m'caka cotsatira Pieter van Musschenbroek wa ku Leiden m'dziko la Holland, anapeza kuti botolo la galasi lokhala ndi madzi m'kati likhoza kusunga magetsi, ndipo amene analigwira mosasamala anagwedezeka thupi lonse. Pambuyo pace lamulo lace linadziwika: pafunika zinthu ziwiri zoyendamo magetsi, zoyandikana koma zosakhudzana, ndi pakati pao cinthu cimene magetsi sapyola. Cinthu ca pakatico cikakhala copyapyala kwambiri, magetsi osungika aculuka.

M'caka ca 1896 Karol Pollak, katswiri wa ku Poland, anapanga kapasita ya mtundu watsopano. Iye anaona kuti aluminiyamu ikaikidwa m'madzi a mankhwala, nipitamo magetsi, imera khungu lopyapyala pamwamba pace, mtundu wa dzimbiri losaoneka ndi maso, limene magetsi salipyola. M'makapasita a mavolti ocepa khunguli ndi lopyapyala kotero kuti makungu otere mazana ambiri osanjikizana ndiwo angafanane ndi tsitsi limodzi la munthu. M'caka ca 1925 Samuel Ruben wa ku America anakonza mtundu umene sufuna madzi okhabvukira m'citini, ndipo m'zaka zotsatira makapasita anayamba kupangidwa monga apangidwira lero lino: timapepala tiwiri ta aluminiyamu, pakati pace pepala lonyowa ndi mankhwala, zonse zokulungidwa ngati mphasa ndi kutsekeredwa m'kacitini ndi mpira. Kacitini kakang'ono kanakhoza kusunga magetsi ambiri pa mtengo wocepa, ndipo mawailesi, ndi pambuyo pace makompyuta, anadzala nato timatini timeneti.

Koma cinthu conyowa ciri ndi matenda awiri. Nthenda yoyamba ndi kuuma. Mpira wotsekera ukakalamba, mankhwala auluka pang'ono-pang'ono, makamaka pamalo otentha. Amisiri awerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita ucepa ndi theka. Kapasita youma iri ngati thanki yodzala mcenga, ndipo iribe mankhwala ena koma kuicotsa. Nthenda yaciwiri ndi yodabwitsa, pakuti ibwera ndi kugona. Pamene kapasita iri pa nchito, timagetsi tocepa todontha m'kati mwace tikonza khungu lija pali ponse pamene layamba kufooka. Ikakhala zaka osalawa magetsi, khungulo lifooka popanda wolikonza. Tsono munthu akaipatsa mavolti onse nthawi imodzi, magetsi athamangira pa malo ofookawo, patentha, pabadwa mpweya wa hydrogen, ndipo citini cifufuma kapena kuphulika. Nthawi zina timapepala tiwiri tija tikhudzana, ndipo pamenepo rectifier ipsa, ngakhalenso thiransifoma imene ikadakhala zaka zina zambiri.

Nthenda yaciwiriyi iri ndi mankhwala ace, ndiwo phala lija. Kapasita ipatsidwa mavolti ocepa kupyolera mu resistor, kacipangizo kocepetsa mayendedwe a magetsi, ndipo mmisiri ayang'ana pa mita kuti aone kudontha kwace. Kudonthako kukatsika, ndiko kuti khungu lamera. Iye akweza mavolti pang'ono, nadikiranso. Acita motero kufikira pa mavolti olembedwa pa citini. Nchitoyi ikhoza kutenga maola ambiri pa kapasita imodzi, ndipo Azungu aicha reforming, ndiko kuumbanso.

PDP-1 IDZUKA

Kompyuta ya ku Mountain View ija inali ya mtundu umene kampani ya Digital Equipment Corporation, ya ku Maynard m'cigawo ca Massachusetts, inauonetsa koyamba mu 1959. Mtengo wace unali madola 120,000, ndipo onse amene anapangidwa anangopitirira pang'ono 50. Pa kompyuta ya mtundu umenewu, ku sukulu yaikuru ya MIT, Steve Russell ndi anzace anapanga mu 1962 masewera ochedwa Spacewar!, amodzi a masewera oyamba a pa kompyuta, ndipo Peter Samson anaiphunzitsa kuimba nyimbo za mau anai. Otsala a makinawa ndi owerengeka pa dziko lonse. Ciwalo cace cimodzi cikapsa, kulibe sitolo imene munthu angakagule cina.

Cifukwa cace amisiri a mu 2004 anayamba ndi magawo odyetsa. Anawalekanitsa ndi kompyuta, napima makapasita ace akuru-akuru, nawaumbanso. Popeza makapasitawo anali ambiri, ndipo munthu atopa kuyang'ana pa mita, analumikiza makina operekera magetsi ku kompyuta yamakono, imene inakweza mavolti mwa dongosolo ndi kuyang'anira kudontha kwace. Motero mdzukulu anadyetsa agogo ace phala. Gawo liri lonse litapimidwa palokha ndi kupezeka kuti mavolti ace ali pa muyeso, ndipo pamene linaloledwa kudyetsa ziwalo za kompyuta.

Iwo anadziikiranso lamulo lina: kuti cinthu ciri conse cimene acicita cikhale cotheka kucibweza, ndi kuti cilembedwe m'buku. Kacipangizo kakapezeka kakufa, kanacotsedwa ndi kusungidwa m'kathumba kolembedwa malo ace, ndipo katsopano kanaikidwa cizindikiro cofiira, kuti wobwera m'mbuyo adziwe ca mwini wace ndi cobwera. Nchito inatha mu 2005. Steve Russell ndi Peter Samson, amene anali anyamata mu 1962, anali m'gulu la oidzutsa, ndipo anaona masewera ao ndi nyimbo zao zikuyendanso pa makina eni-eni. Akuru akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

MLENDO WA KU GERMANY

M'caka comweco ca 2004 nyumba ya ku Mountain View inalandira mlendo wina wa bvuto la mtundu wina. Iyi inali IBM 1401, kompyuta ya m'maofesi imene inalengezedwa mu 1959, ndipo inapangidwa yoposa 10,000. Mabanki ndi makampani akuru anawerengera nayo malipiro a anchito ndi katundu wa m'nkhokwe. Imene inafika ku California inapangidwa mu 1964, ndipo inacokera ku Germany, kumene inakhala zaka zambiri m'garaji.

Bvuto loyamba linali la cakudya ca kwao. Magetsi a ku Germany abwerera ka 50 pa sekondi, monga a ku Zambia, koma a ku America abwerera ka 60. Mamota a makina osindikiza ndi a matepi athamanga motsata kubwerera kumeneku, kotero kuti mota ya ka 50 ikapatsidwa ka 60 ithamanga kopitirira. Kuonjezera apo, magawo odyetsa a 1401 anali ndi mathiransifoma a mtundu wina, amene agwirizana ndi kapasita kuti mavolti akhazikike, ndipo mgwirizanowo ucitika pa kubwerera kumodzi kokha kumene anaupangira, monga ng'oma yokungidwa kuti ilire mau amodzi. Amisiri sanafune kusintha mimba ya mlendoyo. M'malo mwace anaika makina akuru osandutsa magetsi a ku America kuti akhale monga a ku Germany.

Bvuto laciwiri linali dzimbiri. Cinyezi ca m'garaji cinadya timiyendo ta matransistor ambiri, timene tinali ndi citsulo m'kati, ndipo kufunafuna tonse takufa kunatenga zaka. Ambiri a ogwira nchitoyi anali amisiri opuma a kampani ya IBM, amene anakonza makina omwewo pa unyamata wao. Robert Garner ndiye anawatsogolera. Mu 2008 nyumbayo inapeza 1401 yaciwiri ku Connecticut, imene inasungidwa pa malo ouma, ndipo iyo sinabvute monga inzace. Apa panaoneka poyera kuti malo ogonapo makina ndiwo aweruza za kudzuka kwace.

MAKOMPYUTA A M'NYUMBA

Kuyambira ca m'ma 1977 makompyuta anacepa msinkhu nalowa m'nyumba za anthu ndi m'masukulu. Mu Apple II ya caka cimeneco, Rod Holt anaika gawo lodyetsa la mtundu umene unali usanafale m'makina ang'ono. Gawo lotere liyamba lasandutsa magetsi a pakhoma kuti ayende mbali imodzi asanatsike, kenaka transistor iwadula-dula ka zikwi makumi angapo pa sekondi. Magetsi odulidwa msanga motero afuna thiransifoma yaing'ono, ya mkuwa wocepa ndi citsulo cocepa, ndipo satentha kwambiri. Lero pafupi-fupi makompyuta onse, ndi tocajira mafoni tomwe, tiri ta mtundu umenewu.

Makina a zaka zimenezo ali ndi matenda ao odziwika, monga mudzi uli wonse uli ndi nthenda yace. BBC Micro, imene kampani ya Acorn inaitulutsa mu 1981 ndipo inadzaza masukulu a ku Britain, iri ndi timakapasita ta pepala ta kampani ya RIFA pa khomo lolowera magetsi. Cikopa ca timakapasitati cing'ambika ndi ukalamba, pepala limwa cinyezi, ndipo tsiku lina makina ali ciyakire pamveka kuthetheka, nyumba nidzala utsi woyera wa pfungo loipa. Kawiri-kawiri kompyuta ipitiriza nchito yace pakati pa utsiwo, pakuti timakapasitato tinaikidwa kungosefa phokoso la magetsi. Odziwa aticotseratu asanayatse, ndipo tatsopano ndi ta mtengo wocepa.

Nthenda ya Commodore 64, ya mu 1982, ndi yoopsa kuposa pamenepo cifukwa ibwera mwakacetecete. Gawo lace lodyetsa liri m'kabokosi ka padera, ndipo m'mabokosi ambiri zonse za m'kati zinakwiriridwa m'phula louma gwa, kotero kuti kutentha kusowa potulukira ndipo mmisiri asowa polowera. Kapitao wa mavolti 5 akatopa m'menemo, nthawi zina alola mavolti kukwera, ndipo tizipangizo tokumbukira ta m'kompyuta tipsa popanda utsi kapena phokoso. Mwini wace angoona kuti cithunzi casokonezeka kapena cazima. Eni makinawa ambiri aleka kukhulupirira mabokosi akalewo: apima mavolti ace nthawi ndi nthawi, kapena aika kacipangizo kodula magetsi akakwera, kapena agula bokosi latsopano.

Makompyuta ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuciyambi kwa m'ma 1990 ali ndi timakapasita tating'ono timene tidontha mankhwala ace. Mankhwalawo adya tinjira ta mkuwa ta pa bolodi, ndipo mmisiri akafikitsapo citsulo cace cotentha amva pfungo longa la nsomba yoola. Pa makina otere kudikira ndiko kuononga, pakuti mankhwala apitiriza kudya ngakhale makina ali m'kabati.

MLIRI WA MAKAPASITA NDI KOMPYUTA YA KU MWEZI

Munthu angaganize kuti makina atsopano aposa akale pa kulimba, koma mbiri ikana. Kuyambira ca mu 1999 kufikira ca mu 2007 makompyuta ambiri-mbiri anafa asanathe zaka zitatu kapena zinai, ndipo owatsegula anapeza makapasita ofufuma pamutu, ena akutuluka thobvu lofiirira. Manyuzipepala a akatswiri analemba mu 2002 ndi 2003 kuti njira yosanganizira mankhwala a m'kati inabedwa ku kampani ina ya ku Japan, nifika yosakwanira kwa opanga ena a ku Taiwan. Opima makapasita akufawo anapeza kuti munalibe mankhwala oletsa madzi kudya aluminiyamu, ndipo cifukwa cace mpweya unabadwa m'kati mpaka citini kufufuma. Kampani imodzi yokha, ya Dell, inapatula madola pafupi-fupi mamiliyoni 300 mu 2005 kuti ikonze makina a ogula ace. Kacitini ka mtengo wosafika ngakhale wa buledi kanagwetsa makina a ndalama zambiri.

Pambali pa mbiri imeneyo paikidwe ya kompyuta imene inatsogolera zombo za Apollo ku mwezi. Inalinganizidwa ku MIT, nipangidwa ndi kampani ya Raytheon; kulemera kwace kunali makilogiramu 32, ndipo inadya mawati 55 okha, osafika a babu limodzi lakale la m'cipinda. Imodzi ya makompyutawa, imene inagwira nchito yoyesera pansi pano osapita kumwamba, inagulidwa mu 1976 pakati pa mulu wa zitsulo zotayidwa ku Texas. Kumapeto kwa 2018 amisiri anai, Marc Verdiell, Ken Shirriff, Mike Stewart ndi Carl Claunch, anayamba kuidzutsa m'cipinda ca hotela ku Houston.

Iwonso anayamba ndi mimba. Kompyutayo ilandira mavolti 28 a m'combo, niwasandutsa 14 ndi 4 mwa njira yodula-dula ija, imene akatswiri a Apollo anaigwiritsa nchito zaka zambiri isanafike m'nyumba za anthu. Amisiri anasolola magawo odyetsa, napima makapasita ace, nawayatsa paokha kutali ndi ubongo wa makina. Zonse zinapezeka zamoyo, ndipo mavolti anali pa muyeso wace patapita zaka 50. Zipangizozo zinali za mtengo wapatali, zosankhidwa ndi kupimidwa mosamala, popeza miyoyo ya anthu inali kudzadalira pa izo. Mabvuto anapezeka kwina, m'zigawo zokumbukira, ndipo atawakonza, kompyutayo inayendetsanso malangizo otsikira pa mwezi mu 2019, caka cokumbukira zaka 50 za ulendo wa Apollo 11 wa mu 1969. Ukalamba wa makina suwerengedwa ndi zaka zokha; uwerengedwanso ndi cisamaliro ca amene anawapanga.

MWAMBO WA ODZUTSA MAKINA

Pa zaka zonsezi amisiri a m'maiko osiyana-siyana afika pa mwambo umodzi. Coyamba ndi maso ndi mphuno: kuyang'ana citini cofufuma, mankhwala odontha, waya wodyedwa ndi makoswe, fyuzi yakupsa. Caciwiri ndi kulekanitsa gawo lodyetsa ndi kompyuta, ndi kulipatsa katundu wonamizira, monga maresistor kapena mababu a galimoto, kuti likalakwa liononge zinthu zogulika. Cacitatu, ambiri aika babu la m'nyumba la mtundu wakale pa njira ya waya wolowa. Zonse zikakhala bwino babulo liwala kamphindi nilizirala. Likapitiriza kuwala kwambiri, ndiko kuti m'kati muli mawaya okhudzana, ndipo babulo laletsa moto. Cacinai ndi kupima mavolti onse, ndi kuona ngati ali osalala kapena a mafunde. Kulumikiza kompyuta ndiko kotsiriza.

Komatu phala liri ndi malire ace. Kukweza magetsi a pakhoma pang'ono-pang'ono kuthandiza magawo a thiransifoma yaikuru, koma magawo odula-dula ena aonongeka akapatsidwa mavolti osakwanira, pakuti ayesetsa kukoka magetsi ambiri kuti akwaniritse nchito yao. Makapasita ace ayenera kupimidwa paokha. Ndiponso m'magawo amenewa muli ngozi ya imfa. Kapasita yaikuru ya pa khomo isunga mavolti okwana 325 pamene magetsi a pakhoma ali 230, ndipo ikhoza kuwasungabe waya atazulidwa kale pakhoma. Mmisiri wodziwa aitsanula kupyolera mu resistor, napima ndi mita asanaikepo dzanja, monga wa m'mgodi agogoda denga asanalowe pansi pace. Munthu wosaphunzira nchitoyi asatsegule bokosi lotere.

Pa cinthu cimodzi amisiri sagwirizana kufikira lero. Ena ati makapasita onse akale acotsedwe, amoyo ndi akufa omwe, pakuti mtengo wace ndi wocepa ndipo cimene ateteza ndi cosagulika. Ena mwa iwo afika pocotsa gawo lonse lodyetsa ndi kubisa latsopano m'bokosi lakale. Anzao ayankha kuti makapasita akuru a zaka za m'ma 1960 ambiri apezeka amoyo akapimidwa, ndi kuti citsulo cotentha m'manja a munthu wa cangu ciononga mabolodi ambiri kuposa ukalamba. Iwo atinso gawo lodyetsa nalo ndi mbiri: wofuna kudziwa m'mene amisiri a mu 1959 anaganizira adzaphunzira ciani ngati mimba yonse ndi ya lero? Nyumba zosungira zakale zitsata njira ya PDP-1, ya kupima, kuumbanso, ndi kucotsa cokhaco cimene cafa. Munthu wofuna kusewera pa makina ace madzulo ali onse kawiri-kawiri atsata njira inayo. Onse awiri ali ndi zifukwa zomveka, popeza wina asunga umboni ndipo wina asunga nchito.

Cimene cikakamiza onse ndi nthawi. Malangizo a makina akale ali pa makadi obowola, pa matepi ndi pa madisiki amene nthawi zina awerengeka bwino pa makina ace okha. Ndipo amuna ndi akazi amene anawapanga ndi kuwakonza ali kutha mmodzi-mmodzi. A 1401 anadzutsidwa cifukwa amisiri ace anali akali ndi moyo, ndipo anakumbukira zimene sizinalembedwe m'mabuku. Cifukwa cace nyumba zimenezi zilemba zonse zimene acikulirewo acita, ndipo ziyatsa makinawo nthawi ndi nthawi pamaso pa alendo, pakuti kapasita yolawa magetsi kawiri-kawiri isunga khungu lace.

Nzeru imeneyi si ya ku California kokha. M'nyumba zambiri za m'makomboni muli wailesi ya malemu bambo, kapena gumba-gumba, kapena kompyuta imene mwana anabwera nayo ku sukulu, zogona pamwamba pa kabati zaka khumi kapena makumi awiri, ndipo m'kati mwa zonsezo muli timatini tomwe tija ta aluminiyamu. Tsiku limene mwini nyumba adzazitsitsa ndi kupukuta pfumbi, mtima udzamuuza kuti alowetse waya pakhoma aone ngati zikali kulira. Acite monga anacita amisiri a PDP-1: ausiye wayawo, anyamule makinawo apite nao kwa wokonza mawailesi amene ali ndi mita, namuuze zaka zimene agona.